Mutu wa Nsomba Unaloza Achitatu

"Chiphenso? Abale inu, munthu wakhala zaka masauzande, nzeru zake zonse n'kuthira chiphe m'kapu basi?"

Amene ankakuwa chotere anali a Luan Dehou, ataimirira pakati pa sitolo ya Mayi Pang, chala chili pa kanema ngati akuloza mbala. Anthu a m'mudzi wa Shimenkou sankawatchula dzina lawo lenileni. Kwa onse anali Achitatu, poti kwawo anabadwa achitatu. Nyengo yozizira, mitengo ya maapozi ikayoyola masamba ndipo kumunda kukasowa chochita, amuna ndi akazi omwe ankaunjikana m'sitolomo masana kuzungulira mbaula, akuswa njere za mpendadzuwa ndi mano n'kumalavulira makoko pansi. Chaka chimenecho pa kanema pankaonetsedwa sewero lalitali lotchedwa Bwalo la Pamwamba pa Mitambo, la mafumu osafa, zinjoka zosanduka anthu, ndi nduna zolimbirana mpando wakumwamba. Ena ankabwerera sewerolo. Ambiri, tinene zoona, ankabwerera Achitatu.

"Khalani pansi, Achitatu, mukutitchinga," anatero Mayi Pang akusonkhezera makala. "Mutu wanuwo si galasi."

"Ndikukuthandizani, mlamu, maso anu angawonongeke. Taonani! Uyo ndi Nduna Nkhandwe, eti? Wochenjera kuposa onse kumwamba, eti? Nanga bwanji akuulula chiwembu chake chonse kwa wantchito, mokweza, pafupi ndi zenera la pepala? Ngakhale tambala wanga sachita zimenezo akafuna kulanda thadzi la mnzake."

Anthu anafa ndi phwete.

Vuto linali loti Achitatu ankalidziwa buku lomwe seweroli linachokera. Kuwerenga sankakonda, maso anali atayamba chifunga, koma mwana wawo Haitao, wogwira ntchito kudoko la Qingdao, anawaikira pa foni munthu wowerenga mokweza. Nyengo yonse yoveka maapozi timatumba ta pepala, foni ili m'thumba la malaya, bukulo linkawalowa m'khutu mutu ndi mutu. Ankalikonda zedi. Atamva kuti alisandutsa sewero, tsiku la gawo loyamba anameta ndevu n'kuvala jekete latsopano ngati akukachingamira mlendo. Zomwe anaona zinawawawa mumtima. Zovala zinali zokongola, inde, tsitsi la mafumu lofika m'chiuno, malupanga ouluka okha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Achiwembu avala zakuda bii m'nyumba yachifumu yoyera mbee, kenako akudabwa kuti alonda awaona bwanji," ankatero. "Kalonga akakwiya athyola tebulo, akakondwa athyolanso tebulo. Ndale zake zili pati? Ndipo phwando la dzana lija munaliona? Malume wake wa mfumu amukhazika mofulatira khomo, pamalo podutsira mbale! Kumwambako kulibe munthu woleredwa?"

"Ife timaonera nkhope ya kalonga, za mipando n'zanu," anayankha Mayi Pang. "Mwana uja ndi wokongola, musatero."

"Wokongola ngati mphika wopanda kanthu. M'buku kalonga ameneyu ankatha chaka chathunthu akutumiza mapeyala kwa mayi a mdani wake, osanena kanthu, kungotumiza. Awa achotsa zonsezo, akuti anthu angagone. Aikapo ndewu za m'malere."

Chimene chinkawapsetsa mtima koposa chinali nkhani ya Kazembe Wamkulu, nkhalamba yoyang'anira asilikali akumwamba. Pa kanema anamumwetsa chiphe, iye n'kulavula magazi akuzungulira m'mwamba, nyimbo zikulira.

"M'buku mulibe zimenezo!" anakuwa Achitatu mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. "M'buku Nkhandwe sanamukhudze n'chala chomwe. Anamukonzera phwando. Anamutamanda pamaso pa onse mpaka nkhalamba inagwetsa misozi, n'kupempha mfumu kuti munthu wotereyu asavutikenso ndi fumbi la kunkhondo, apatsidwe mpando wagolide pambali pa mfumu. Kutacha, asilikali ali m'manja mwa wina, iye ali pa golide, manja lende. Akadandaule kwa yani? Chiwembu ndi chimenecho, osati zothira mankhwala a makoswe m'tiyi."

"Ndiye bwanji osapita kukawalembera inuyo?" anafunsa Dou Lianshun, bambo wamimba yaikulu woyendetsa lole ya maapozi, amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa mtsinje ngakhale akunong'ona.

"Akandiitana ndipita. Iwe ndidzakutenga ukakhale chinjoka, sudzafunika n'zovala zomwe."

Achitatu sankalankhula za mipando mongolota. Ntchito yawo m'mudzimo, kuwonjezera pa maapozi, inali yokhazika alendo. Ukwati, maliro, phwando la mwana wokwanitsa mwezi, palibe amene ankayala matebulo asanawaitane. Ndipo musaiyese ntchito yamasewera. Mwini phwando amakhala moyang'ana khomo, mlendo wamkulu kudzanja lake lamanja, wachiwiri kumanzere, wothira mowa mofulatira khomo. Izi ngakhale mwana amazidziwa. Chovuta n'kudziwa kuti pakati pa amalume awiri wamkulu ndani pamene wamng'onoyo ndiye ali ndi galimoto, ndani analanda mnzake mzere wa mitengo kalekale, ndi mkazi uti amene sangadye tebulo limodzi ndi uti ngakhale aphedwe. Zimenezo sizinalembedwe paliponse. Zinali m'mutu mwa Achitatu.

Anaiyamba ntchitoyi chifukwa cha manyazi. Pa ukwati wawo womwe, malume wamkulu wa mkwatibwi anakhazikidwa kumanzere m'malo mwa kumanja. Mkuluyo anadikira nsomba ifike, n'kugwira tebulo m'mphepete n'kuligubuduza, mbale phwaa, msuzi pa diresi lofiira la mkwatibwi. Mkwatibwiyo, Cong Yuzhi, analira mpaka madzulo, ndipo Dehou wachinyamata analumbira, tsache lili m'manja, kuti m'mudzi muno tebulo silidzagwanso iye ali moyo. Silinagwenso. Tsitsi linachita kuyera ali pamakomo a maphwando a eni, kansalu kofiira ka wokhazika alendo kali pamkono, akumwetulira uyu, kugwira uyo pachigongono n'kumutembenuza mofatsa asanafike pampando wolakwika. Anthu amakambabe za tsiku lomwe amalonda awiri olemera, onse odzimva, anabwera pa phwando limodzi, aliyense akufuna mpando wamkulu. Achitatu anati m'nyumba mukutentha, n'kulamula kuti tebulo litulutsidwe pansi pa mtengo, pomwe palibe khomo loliyang'ana kapena kulifulatira. Onse awiri anabwerera kwawo akudzitama. Iwo eni ankadya pomaliza, ataimirira, zozizira.

Panali phwando limodzi lomwe ankaliyembekeza kuposa onse. Mnzawo wa paubwana, a Mou Shouye, amene ankaba nawo mapichesi ali ana osavala nsapato, anamwalira maluwa a maapozi akutuluka. Atatsala pang'ono kutsirizika anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Wachitatu iwe, mdzukulu wanga Xiaoman sindimuona akukwatiwa. Alendo ake ukakhazike wekha. Amalume ake aja ukuwadziwa." Ankawadziwadi: amuna awiri a mimba imodzi omwe sanapatsanenso moni chiyambire mkangano wa malire a munda. Ukwatiwo unaikidwa Chaka Chatsopano chisanafike, ndipo Achitatu anali atayamba kale kuyala matebulo m'mutu mwawo. Lonjezo limenelo ankalisunga ngati dzira.

Tsiku lina Jianbo, mwana wa malemuyo, bambo ake a mkwatibwi, anabwera yekha kudzawaitanira chakudya chamasana. Achitatu anati eya, nthawi yokambirana yakwana. Anavala jekete lija n'kupita.

Atangolowa m'chipinda chodyera, anaima pakhomo. Akuluakulu a m'mudzi anali atakhala kale kuzungulira tebulo, ndipo mpando umodzi wokha ndi womwe unalibe munthu, wa kudzanja lamanja la Jianbo. Pamalo ofulatira khomo, pomwe amakhala munthu wogwira ntchito, panali Dou Lianshun, botolo lili m'manja, akumwetulira ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Aaa, iyayi, ine malo anga ndi apa," anatero Achitatu akugwira mpando wa Lianshun.

"Lero ayi, bambo," anatero Jianbo, n'kuwakoka ndi manja awiri.

Kukana kunachitika monga mwa mwambo, kukokana, kukankhana, kulumbira, koma anthu akapangana nkhalamba imodzi ingatani? Anakhala. Mbale zinabwera motsatizana, nyama ya nkhumba, nkhanu, kabichi wowawasa, kenako nsomba yathunthu, yaikulu, nthunzi ili tolo. Lianshun anaitembenuza mbaleyo pang'onopang'ono mpaka mutu wa nsomba unaloza pachifuwa pa Achitatu, monga amachitira kwa mlendo wamkulu. Jianbo anaimirira, kapu yake ataitsitsa mwaulemu kunsi kwa ya mkuluyo, maso ali ofiira.

"Bambo Achitatu, inu mwaimirira pamakomo athu moyo wanu wonse. Mwadya zozizira kuti ife tidye zotentha. Bambo anga kulibe. Pa ukwati wa Xiaoman ndikupempha kuti mukhale pampando wawo, mwana akugwadireni ngati agogo ake. Zothamangathamanga tiwasiyire achimwene a Lianshun, miyendo yawo ikadali yolimba."

Onse anawomba m'manja. Wina anapukuta misozi. Koma abale, Achitatu anazindikira nthawi yomweyo chimene chinkachitika, ndipo chowawa kwambiri chinali choti anthuwo anachikonza bwino. Akanati chiyani? Kuti sindikufuna mpando wa mnzanga? Kuti mwandilakwira pondilemekeza? Munthu amene mutu wa nsomba wamuloza amamwa, sakamba mlandu. Anamwa. Kachasu wa mapira anawatentha pakhosi, anamwetulira, anathokoza mpaka kuwerama.

Panjira yobwerera, mphepo ikuwaluma makutu, ankalankhula okha. "Andipanga Kazembe Wamkulu. Ine! M'mudzi mwanga momwe!" Anali okwiya, komanso ankachita manyazi, koma maganizo osiya analibe ngakhale pang'ono. Analonjeza munthu akufa, ndipo sanalonjeze kukhala pansi n'kumadya nsomba. Chomwe chinkawazunguza mutu n'chakuti mwini nzeruyo ndani. Jianbo ndi munthu wofewa, sangaphe nkhuku osaipepesa. Lianshun angakonze chiwembu? Iye uja akagulira mkazi wake mphatso, mudzi wonse umadziwa mkaziyo asanaione. Panali wina kumbuyo kwawo.

Kunyumba anapeza a Yuzhi akusenda adyo pa bedi la njerwa lotenthetsa ndi moto. Anawafotokozera zonse akuyendayenda m'chipindamo, chipewa osavula.

"Nanga si ulemu umenewo?" anafunsa a Yuzhi osadzutsa mutu.

"Ulemu wa chiyani! Ndi maliro amenewo, kungoti womwalirayo amupatsa timitengo todyera."

"Mwakalamba, akulu inu. Khalani pansi kamodzi mudye zotentha."

"Ndidzakhala pansi m'bokosi."

Mawa lake m'sitolo anafika moyambirira kuposa onse. Pa kanema Nkhandwe anatuma anyamata oponya singano zouluka kuti akaphe nduna inzake, ndipo anyamatawo, monga mwa masiku onse, anaphonya.

"Taonani zibwana," anatero Achitatu, koma ulendo uno mosakuwa. "Ukafuna kubweza chiwembu sutuma anyamata a singano. Umadzifunsa kuti ndani amene sangakanidwe, n'kupita kukamwa naye tiyi."

Anatero akuyang'ana Lianshun m'maso. Lianshun anazolika, makutu ali psuu, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti lole yake ikufunika kuionanso matayala.

Ndipo munthu wosakanidwayo Achitatu ankamudziwa. Pa ukwati mawu a malume wamkulu wa mkwatibwi ndi lamulo. Malume wamkulu wa Xiaoman ankakhala kuseri kwa phiri, munthu wa mtima wapachala, wokonda ulemu kuposa chakudya. Akangomva kuti wodzamukhazika ndi woyendetsa lole wosadziwa n'komwe za malire aja, adzanena kuti popanda Achitatu ine sindiponda kumeneko. Jianbo adzabwera yekha kudzapepesa atanyamula botolo, ndipo kansalu kofiira kadzabwerera kwa mwini wake. Sipafunika chiphe, sipafunika lupanga. Achitatu anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Tsiku lotsatira anadikira kuti dzuwa likwere, madzi oundana a mumsewu asungunuke. Anatulutsa njinga yawo ya magudumu atatu yoyendera batire, anaika kumbuyo bokosi la maapozi osankhika, n'kubwerera m'nyumba kudzamwa phala la mapira. A Yuzhi ankakanda ufa wa mabanzi.

"Mukupita kuti ndi maapozi abwinowo?"

"Kukachita ndale zenizeni. Tamverani, mayi a Haitao, muone ngati chimimba uja angazithe izi." Anakankha mbale n'kuyamba kuloza m'malere ndi timitengo todyera, monga ankachitira phwando lililonse likayandikira. "Tebulo loyamba, m'chipinda cha kum'mawa. Malume wamkulu kumanja. Wamng'onoyo sindimuika kumanzere, ayi, angayang'anane. Ndimupatsa tebulo lakelake m'chipinda cha kumadzulo, akakhale mlendo wamkulu kumeneko, aliyense aziganiza kuti wapambana. Akuchimuna ochokera m'tauni ndiwasakaniza ndi aphunzitsi, azikambirana zawo zam'tauni. Woyang'ana khomo pa tebulo loyamba akhala Shouye mwini wake, koma ndimuuziretu kuti asamwe mopitirira, mwamuna uja akaledzera amayamba nyimbo za usilikali. Ndimudutsira pobwerera, ndikamuuze."

A Yuzhi manja anaima mu ufa.

"Mukamuuze ndani?"

"Shouye. Mwagontha?"

"Bambo a Haitao."

"Chiyani?"

"A Shouye tinawaika m'manda. Mwambo wonse munayendetsa ndinu."

Achitatu anatsegula pakamwa kuti aseke, kuti anene kuti lilime laterereka, koma silinali lilime. Kwa kanthawi ndithu Shouye anali moyo, ali kwawo kuseri kwa sitolo, akusuta pakhonde, ndipo iwo anali ataganiza kale mawu oti akamuseke nawo. Tsopano mnzawoyo anafanso kachiwiri, pomwepo, iwo atagwira timitengo m'manja. Anachita mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo chibadwire.

A Yuzhi anapukuta manja pa epuloni n'kukhala pafupi nawo.

"Si koyamba," anatero mofatsa. "Pa ukwati wa kwa a Sui, nthawi yokolola, munakhazika mkazi wosiyidwa uja tebulo limodzi ndi amene anamulanda mwamuna. Ndinamukoka ine, ndinati adzandithandize kukhitchini. Pa maliro a mwezi watha munaitana mwana wamasiye ndi dzina la bambo ake ali m'bokosi. Anthu anakhululuka poti ndinu. Koma amalume a Xiaoman sakhululuka, mukuwadziwa. Mukufuna tebulo ligwere mwana uja inu mutavala kansalu kofiira?"

Achitatu anawayang'anitsitsa. Nkhalamba yaifupi, ufa uli m'zigongono, imene zaka zonsezi ankaiyesa yongodziwa adyo ndi mabanzi.

"Ndinu?"

"Ndine."

"Nsomba ija?"

"Ndinasankha ndekha pamsika. Mawu a Jianbo ndinamuphunzitsa ine, anachita kubwereza ngati mwana wa sukulu. Lianshun anakana mpaka thukuta, akuti amakuopani."

"Nanga nzeru zake munazitenga kuti?"

"Kwa inu. Mwakhala mukuzikuwa m'sitolo muja nyengo yonse ino, ndipo mukabwera kuno mumabwereza ine ndikuphika. Mumayesa ndilibe makutu?"

Anafuna kukwiya, mkwiyo osabwera. Chomwe chinatuluka chinali kaphwete kouma, ndipo pambuyo pake maso anayamba kuyabwa.

"Bwanji osangondiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanamva? Ndinkafuna muchoke pakhomo paja anthu akukuomberani m'manja, osati akunong'onezana."

Achitatu anayang'ana phala likuzizira. Ankaganiza za malume wa kuseri kwa phiri. Njira inali ikadali yotseguka. Mkuluyo akanawamvera, ndipo ntchito ikanabwerera m'manja mwawo. Koma kenako? Anaganizanso za Lianshun ataimirira pakhomo ndi mawu ake a bingu, akumwetulira aliyense, n'kukhazika amalume awiri aja tebulo limodzi poti palibe anamuuza. Tebulo likanagwa ndithu, kaya iwo ali pakhomo kaya ali pampando wa ulemu. Zonse zoletsa kugwa kwake zinali m'mutu umodzi, ndipo mutuwo unali utayamba kudontha.

Anaimirira n'kuvala chipewa.

"Mukupitabe?" anafunsa a Yuzhi.

"Valani jasi. Mukwera kumbuyo."

"Ine? Nanga ufa wangawu?"

"Ufa udikira. Ine sindingadikire."

Sanakhote njira ya kuphiri. Njingayo inaima pa sitolo ya Mayi Pang, pomwe sewero linali litangoyamba. Pa kanema Nkhandwe anali ataimirira pa mtambo akuseka yekha, akufotokozera mphepo mmene adzalandire ufumu. Anthu atawaona Achitatu anasendera kuwapatsa malo, akumwetulira kale, kudikira kuti ayambe.

Iwo sanaiyang'ane n'komwe kanemayo. Analunjika kwa Lianshun, amene anayesa kubisala kuseri kwa shelefu koma mimba inakana.

"Bambo Achitatu, ine sindinafune, anachita kundikakamiza..."

"Khala chete, ndilankhule ndisanaiwale." Anatembenukira kwa onse. "Tamverani nonse, kuti pasakhale zonong'ona. Mutu wanga wayamba kutaya zinthu. Lero lomwe lino ndimafuna kukacheza ndi Mou Shouye."

Njere zinaleka kusweka. Mayi Pang anatsitsa mawu a kanema n'kugwira pakamwa.

"Ndiye ntchito ija ndaisiya. Sanandilande, ndaisiya ndekha, mumve bwino pamenepo. Kansalu ukatenga iwe, Lianshun. Koma usaganize kuti kukhazika alendo n'kukuwa. Kuyambira lero mpaka tsiku la ukwati, lole yako izipuma masana aliwonse. Ndikukhuthulira zonse zimene ndikudziwa za mudzi uno, khomo ndi khomo, zisanatayike. Ndikasokoneza amoyo ndi akufa, awa andikonza." Analoza a Yuzhi, omwe anali ataima pakhomo, ufa ukadali m'manja. "Iwe ukalakwitsa ndikukonza ine, ndipo sindikonza mofatsa."

Lianshun, chimunthu chonse chija, maso anadzaza misozi.

"Ndingazithe, bambo?"

"Sungazithe. Koma uzitha, chifukwa mwana wa Mou akwatiwa mwamtendere."

Mayi Pang anawatsegulira kachipinda kosungiramo katundu n'kuwapititsira mbaula yaing'ono. Anakhala atatu pa matumba a ufa, a Yuzhi pakati. Kunja wina anakwezanso kanema, koma palibe ankaseka.

"Tiyambire kumtunda kwa mudzi," anatero Achitatu, akuweramira kutsogolo. "Khomo loyamba, kwa a Qu. Ana aamuna alipo atatu, koma wachiwiriyo anamupereka kwa mkulu wa bambo ake ali khanda. Ndiye pa tebulo amakhala ngati wa nyumba inayo, osati ngati mwana wa pakhomopo. Ukamukhazika pakati pa abale ake, mayi ake amalira phwando lonse."

"Mayi akewo alipo?" anafunsa Lianshun.

Achitatu anatsegula pakamwa, n'kuima. Anatembenukira kwa mkazi wawo.

"Alipo," anatero a Yuzhi. "Pitirizani."

"Alipo," anabwereza Achitatu. "Khomo lachiwiri."